Kalata yotseguka kwa oyendetsa mizinda: dokotala akuti tiziyenda, nanga tiyenda pati?

Olemekezeka a meya, makhansala, akatswiri okonza mapulani a misewu, oyang'anira nyumba zakale ndi akuluakulu a zaumoyo m'mizinda,

Landirani ulemu wanga nonse, kulikonse kumene mukutumikira. Ndikudziwa kuti pamatebulo anu sipasowa madandaulo: zinyalala, madzi, misika, misonkho. Langali mwina mungaliike pansi pa mulu poganiza kuti ndi la anthu ofuna malo okapitidwa mphepo. Chonde liwerengeni kaye mpaka kumapeto. Ndalemba poyera dala, kuti amene akuvutika ndi zomwezi m'mizinda ina amve nawo, ndi kuti pasadzakhale wonena kuti kalata inasochera mu ofesi.

Chandilembetsa ndi zimene zikuchitikira madera akale a mizinda, kuja kumene mzinda unayambira, kwa misewu yopapatiza, nyumba za makonde, misika yakale, nyumba zopemphereramo ndi mitengo imene anaibzala anthu amene anapita kalekale. Chaka ndi chaka mukuvomereza kuti msewu uwu ukulitsidwe, mitengo iyo idulidwe, njira ya oyenda pansi apa isanduke poimika magalimoto, nyumba iyo igwetsedwe. Chigamulo chilichonse pachokha chimaoneka chaching'ono, ndipo chimadutsa pamsonkhano popanda wotsutsa. Mukaziphatikiza zonse, mwachotsa malo amene munthu wamba akanayendamo mphindi 30 osaopa kugundidwa. Tsiku lomwelo, m'chipatala cha mumzinda womwewo, dokotala akuuza mayi wa vuto la kuthamanga kwa magazi kuti, "Mankhwala ndi awa, mchere muchepetse, ndipo muziyenda tsiku lililonse." Mayiyo amavomera mwaulemu, amatuluka pageti, n'kupeza kuti poyenda palibe.

Vutoli si laling'ono. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linawerengera kuti mu 2019 anthu pafupifupi 17.9 miliyoni anamwalira ndi matenda a mtima ndi a mitsempha ya magazi. Imeneyi ndi pafupifupi imfa imodzi pa zitatu zilizonse, ndipo palibe matenda ena amene akutenga anthu ochuluka chotere. Oposa atatu pa anayi alionse mwa omwalirawa anali a m'maiko osauka ndi amene akungotukuka kumene, choncho tisanamizane kuti ndi matenda a anthu olemera. Anthu oposa 1 biliyoni ali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo pafupifupi theka la iwo sadziwa n'komwe. Bungwe lomweli linapezanso kuti mu 2022 anthu aakulu 31 pa 100 alionse, ngati 1.8 biliyoni, sankagwiritsa ntchito matupi awo mokwanira, ndipo chiwerengerochi chakhala chikukwera kuyambira 2010.

Zoti kuyenda kumateteza mtima si nkhani ya dzulo. Mu 1953 dokotala wina wa ku London, Jerry Morris, anafalitsa zimene anapeza atafufuza ogwira ntchito m'mabasi osanjikizana a mumzindawo. Madalaivala ankakhala pampando tsiku lonse, pamene makondakitala ankakwera ndi kutsika makwerero a basi kambirimbiri potolera ndalama. Anthu a kampani imodzi, basi imodzi, mpweya umodzi, koma makondakitala ankadwala mtima mochepa kwambiri poyerekeza ndi madalaivala. Morris anaonanso zomwezo pakati pa anthu operekera makalata pakhomo ndi anzawo okhala m'maofesi. Mwiniwakeyo ankalimbitsa thupi mpaka ukalamba, ndipo anamwalira mu 2009 ali ndi zaka 99. Makondakitala aja sankapita kumalo olipira ochitirako masewera. Ntchito ndi malo zinkawayendetsa zokha, ndipo mfundo yanga yonse yagona pamenepo.

Munthu akamayenda mothamangirako, mtima umapopa mwamphamvu, ndipo pakapita masabata umazolowera kutulutsa magazi ambiri pa kugunda kumodzi, kotero sugunda mofulumira munthu akakhala phee. Mitsempha imafewa, kuthamanga kwa magazi kumatsikako, minofu imayamwa shuga wa m'magazi, mafuta oipa amachepa. WHO imalangiza mphindi 150 mpaka 300 pa sabata za kugwiritsa ntchito thupi mwapakatikati, ndipo kuyenda mphindi 30 masiku asanu kwakwanira kale muyezo wotsikawo. Liwiro loyenera ndi lija loti ukhoza kuyankhula ndi mnzako koma sungathe kuimba. Za masitepe 10,000 patsiku zisakuopsezeni: nambala imeneyi inatchuka ndi malonda a kachipangizo kowerengera masitepe ku Japan m'ma 1960. Kafukufuku wa ku America wa mu 2019, wa amayi achikulire oposa 16,000, anapeza kuti amene ankayenda masitepe pafupifupi 4,400 patsiku ankamwalira mochepa kusiyana ndi oyenda 2,700, ndipo phindu linkawonjezeka mpaka cha pa 7,500. Ndinene mosabisa kuti kuyenda sikulowa m'malo mwa mankhwala, ndipo amene akumva kupweteka pachifuwa, chizungulire kapena kubanika poyenda ayenera kuima n'kukaonana ndi dokotala. Koma kwa anthu ambiri, makilomita awiri kapena atatu patsiku ndi chithandizo chenicheni, ndipo sichifuna risiti.

Mungafunse kuti bwanji ndikulimbikira za dera lakale, pamene munthu akhoza kuyenda paliponse. Yankho ndi lakuti madera amenewa anamangidwa galimoto isanabwere, ndipo muyezo wa omanga unali phazi la munthu. Mphambano zili pafupipafupi, makomo amayang'ana kumsewu, sitolo, msika ndi kopemphera zili pamtunda woti nkhalamba ikhoza kufika. Ku Fez, m'dziko la Morocco, mzinda wakale uli ndi tinjira masauzande timene galimoto singalowemo, ndipo anthu akukhalamo ndi kuchita malonda mpaka lero. Ku Stone Town, ku Zanzibar, omanga anaika mipando ya miyala m'mbali mwa nyumba, moti woyenda akatopa amakhala pansi n'kucheza. Ku Bologna, ku Italy, lamulo la mu 1288 linkakakamiza omanga nyumba kuika khonde loti anthu azidutsamo, ndipo lero pakati pa mzindawo pali makonde otalika makilomita pafupifupi 40, munthu n'kumayenda osapsa ndi dzuwa, osanyowa ndi mvula. Akale aja sankadziwa za kuthamanga kwa magazi, koma ankadziwa zimene munthu woyenda amafuna.

Palinso china chimene madokotala amachidziwa bwino: uphungu umagwira ntchito pokhapokha munthu akaupitiriza. Kuyenda m'mbali mwa mpanda wautali wa njerwa, magalimoto akukufwenthera fumbi, kumatopetsa mutu miyendo isanatope, ndipo ambiri amasiya mwezi usanathe. M'dera lakale diso limapeza choona: chitseko chosemedwa, chaka cholembedwa pamwamba pa khomo, wosoka nsapato amene mumapatsana moni, kamtunda kamene kamakuchititsa wefuwefu pang'ono kenako n'kutsetsereka. Munthu amazindikira atayenda kale ola lathunthu. Mzinda umene uli ndi dera lotere uli ndi chuma cha zaumoyo chimene sunalipire m'badwo uno, ndipo chikuwonongeka m'manja mwanu. Ndifotokoze mmene chikuwonongekera.

Choyamba, njira ya oyenda pansi yalandidwa. Pamene ilipo, paimikidwa magalimoto, pakhomedwa zikwangwani za malonda, pathiridwa mchenga ndi njerwa za womanga amene anayamba ntchito zaka zapitazo. Pena mtengo wa magetsi unazikidwa pakatikati penipeni. Pena okumba mapaipi anakumba, anaika mapaipi awo, n'kuchoka osakwirira bwino. Zivundikiro za ngalande zinasweka kapena zinabedwa, ndipo dzenje langokhala kukamwa yasa. Wachinyamata amalumpha n'kupitirira. Amene dokotala wamuuza kuti aziyenda nthawi zambiri si wachinyamata. Ndinkakumana m'mawa ndi bambo wina wachikulire amene anachita sitiroko, mwendo umodzi ukukoka, ndodo m'manja, mdzukulu pambali. Ankayenda pang'onopang'ono kuzungulira misewu ingapo yakale, ndipo mwezi ndi mwezi ankaoneka kuti akulimba. Eni nyumba ina atayamba kuimika magalimoto a makasitomala awo panjirapo, bamboyo ankayenera kutsikira mumsewu, ndipo kutsika ndi kukweranso m'mphepete motalika chonchija ndi mwendo wofooka si masewera. Tsiku lina anagwa. Sanathyoke, koma a pabanja pake anamuletsa kutuluka, ndipo sindingawadzudzule. Bamboyo tsopano amakhala pakhonde tsiku lonse. M'mabuku a khonsolo mulibe pamene palembedwa kuti munthu wasiya kuyenda, chifukwa palibe amene amawerenga zimenezo.

Chachiwiri ndi liwiro. Msewu umene unapangidwira anthu ndi ngolo mwausandutsa njira yachidule ya madalaivala othawa mzere wa pamsewu waukulu. Padziko lonse ngozi za pamsewu zimapha anthu pafupifupi 1.19 miliyoni pa chaka, ndipo oposa mmodzi pa asanu alionse ndi oyenda pansi. Munthu wogundidwa ndi galimoto yoyenda makilomita 30 pa ola nthawi zambiri amapulumuka. Liwiro likafika 50 kapena 60, mwayi umatsika koopsa. N'chifukwa chake msonkhano wa nduna za maiko pa za chitetezo cha pamsewu, umene unachitikira ku Stockholm mu February 2020, unagwirizana kuti pamene anthu ndi magalimoto amasakanikirana liwiro lisapose makilomita 30 pa ola. Chikwangwani chokha sichichepetsa liwiro. Dalaivala amamvera mmene msewu waumbidwira, ndiye mukaukulitsa ndi kuuwongola mwamuuza kuti athamange, ngakhale mutalemba 30 pa mtengo uliwonse. Malo owolokera nawo afufutika, ndipo pamene pali maroboti nthawi yowolokera imatha gogo ali pakati pa msewu.

Chachitatu ndi utsi, ndipo apa ndikupemphani mumvetsere, chifukwa mpamene zabwino za kuyenda zimathera. Ofufuza a ku London anatenga anthu a zaka 60 kupita m'tsogolo, ena athanzi, ena odwala mapapo, ena odwala mtima, n'kuwayendetsa maola awiri mumsewu wa Oxford Street, umene panthawiyo unali wodzadza mabasi ndi matakisi a dizilo, ndipo tsiku lina maola awiri m'paki ya Hyde Park. Zotsatira zake zinatuluka mu 2017. Atayenda m'paki, mapapo ankagwira bwino ntchito ndipo mitsempha inkafewa. Atayenda mu Oxford Street, phindu limeneli linachepa kwambiri, kwa ena linatheratu. Misewu ya m'madera akale ndi yopapatiza, nyumba mbali zonse, choncho utsi ukalowa suchoka msanga. Tizidutswa ta utsi tosaoneka ndi maso timalowa m'mapapo mpaka m'magazi. WHO imati mpweya woipa wa panja unafupikitsa miyoyo ya anthu pafupifupi 4.2 miliyoni mu 2019, ndipo ambiri mwa iwo anafa ndi matenda a mtima ndi sitiroko, osati chifuwa monga ambiri amaganizira. Mukalola malole ndi mabasi kudutsa kapena kuima injini ikulira m'tinjira timeneti, munthu amene watuluka kukasamalira mtima wake akupuma mwakuya chinthu chimene chikuuwononga.

Chachinayi ndi mthunzi ndi popumira. Mtengo umene watenga zaka 80 kuti ukule umagwa m'mawa umodzi, ndipo m'malo mwake mumabzala kambande kamene mbuzi kapena chilala chimakamaliza. Pamwambo wobzala pamakhala makamera, pothirira sipakhala munthu. Kutentha kumalemetsa mtima, makamaka wa okalamba ndi amene akumwa mankhwala ochotsa madzi m'thupi, ndipo msewu wopanda mthunzi masana suyendeka. Mabenchi munawachotsa ati chifukwa pamagona anthu osowa pokhala. Osowa pokhalawo sanapeze nyumba chifukwa cha zimenezo, anangosamukira pena, koma wodwala mtima amene amafunika kupuma pakapita mamita 200 alionse wataya ulendo wake wonse. Za zimbudzi anthu amachita nazo manyazi kunena, ndiye ndinene ine: munthu wachikulire, mayi woyembekezera, wodwala shuga, onsewa amayamba awerengera kumene kuli chimbudzi asanatuluke pakhomo. Chikakhala chokhoma kapena chosalowereka, amakhala kunyumba.

Chachisanu ndi mdima. Anthu ogwira ntchito amapeza mpata woyenda m'bandakucha kapena dzuwa litalowa. Magetsi a mumsewu akazima miyezi osakonzedwa, oyamba kusiya kuyenda ndi amayi ndi atsikana.

Chachisanu ndi chimodzi ndi nyumba zakale zenizenizo. Njira yake timaidziwa: nyumba imasiyidwa dala kuti idonthe, denga ligwe, kenako pabwere kalata yoti ndi yoopsa, igwetsedwe. Pamalopo pamazungulira malata zaka zingapo, kenako pamatuluka mpanda wautali wopanda zenera, kapena bwalo loimikapo magalimoto. Msewu umene unali ndi makomo khumi oyang'ana kunjira umatsala ndi geti limodzi ndi mlonda. Maso amene ankateteza woyenda apita, ndipo chimene chinkamukoka kuti adutse kumeneko chapitanso. Ngakhale mizinda yotchuka imalakwitsa pamenepa. Dresden, ku Germany, inachotsedwa pamndandanda wa malo a mbiri ofunika padziko lonse, umene umasungidwa ndi UNESCO, bungwe la maiko loona za maphunziro ndi chikhalidwe, mu 2009 chifukwa chomanga mlatho wa mizere inayi ya magalimoto pakati pa chigwa chimene chinkatetezedwa.

Pano ndichenjeze za mbali inayo, chifukwa ndaona mizinda ikuchiritsa matenda awa ndi mankhwala opweteka kuposa matendawo. Kukonza dera lakale sikutanthauza kuthamangitsa okhalamo ndi ogulitsa malonda kuti alendo odzaona malo ajambule zithunzi zoyera. Wogulitsa zipatso pakona si mdani wa woyenda. Iyeyo ndiye amachititsa kuti msewu ukhale ndi anthu, ndipo munthu akakomoka ndi iye amayamba kuthamangira. Chofunika n'kumupatsa malo olembedwa bwino, njira n'kutsala yotseguka. Zimandidabwitsa kuti pochotsa zotchinga njira mumayambira pa mayi wa dengu limodzi, galimoto yaikulu imene yatseka njira yonse n'kuisiya pomwepo. Dera lakale likasanduka la mahotela okhaokha, lendi ikakwera mpaka eni ake kusamukira kutali kumene sangayende pansi kupita kulikonse, mwapulumutsa makoma koma anthu mwawataya.

Ndikudziwa zimene mudzayankhe. Mudzati amalonda adzadandaula kuti makasitomala athawa. Amalonda a ku Copenhagen ananena zomwezo mu 1962 pamene msewu wakale wa Strøget unatsekedwa kwa magalimoto mongoyesa. Kuyesako kunakhazikika, misewu ina yoyandikana nayo inatsatira, ndipo lero ndi umodzi mwa misewu ya malonda yodziwika kwambiri ku Ulaya. Galimoto sigula kanthu, amagula ndi munthu amene watsikamo, ndipo woyenda pansi ndiye amaima pawindo la sitolo.

Chitsanzo chimene ndikufuna muchilingalire kwambiri ndi cha Pontevedra, mzinda wa anthu ngati 80,000 ku Spain. Mu 1999 anasankha meya Miguel Anxo Fernández Lores, amene ntchito yake ndi udokotala. Atangolowa mu ofesi anachotsa magalimoto m'dera lakale la mzindawo, limene panthawiyo linali lodzadza utsi ndipo anthu ankalithawa. Sanaletse galimoto zonse mwachimbulimbuli: zobweretsa katundu, za odwala ndi za okhala momwemo zimalowa pa nthawi ndi pa zifukwa zake. Chimene anathetsa ndi kudutsa chabe ndi kuzungulirazungulira kufuna poimika. Mu 2010 liwiro mumzinda monse linatsitsidwa kufika makilomita 30 pa ola. Anajambulanso mapu ooneka ngati a sitima za pansi pa nthaka, osonyeza mphindi zimene munthu angayende kuchoka pamalo ena kufika pena, kuti anthu aone kuti kumene amakwerera galimoto ndi ulendo wa mphindi 10 zokha. Mzindawo unatha zaka zambiri zotsatizana popanda munthu kufa pangozi m'misewu yake, ndipo meyayo anthu anamusankhanso kangapo. Ndatchula zosankhidwanso chifukwa ndikudziwa kuti nkhawa ina imene simuinena pamsonkhano ndi imeneyo.

Mudzatinso ndalama palibe, ndipo mudzati zitsanzo zanga ndi za maiko olemera. Bogotá, ku Colombia, inayamba mu 1974 kutseka misewu kwa magalimoto kuti anthu ayende ndi kupalasa njinga, ndipo lero Lamlungu lililonse ndi pa maholide misewu yoposa makilomita 100 imakhala ya anthu kuyambira 7 koloko m'mawa mpaka 2 koloko masana. Kigali, ku Rwanda, inayamba masiku opanda magalimoto mu 2016, ndipo pamasikuwo azaumoyo amayeza anthu kuthamanga kwa magazi ndi shuga kwaulere. Zimenezi zimafuna zotchingira msewu, apolisi ochepa ndi chilolezo chanu. Kuvundikira ngalande, kupenta powolokera ndi kukhoma benchi n'zotsika mtengo kwambiri poyerekeza ndi kukulitsa kilomita imodzi ya msewu, ndipo ndalama zokulitsira misewu zimapezeka chaka chilichonse. Wodwala sitiroko mmodzi amadya chuma cha banja lonse: wina amasiya ntchito kuti azimusamalira, ana amasiya sukulu. Ndalama imeneyo imalipidwa ndithu, kungoti siituluka m'thumba la khonsolo, n'chifukwa chake simuiona.

Gwero la zonsezi, mmene ndikuonera, ndi lakuti nkhani imodzi munaigawa m'maofesi atatu. A zamisewu amayeza ntchito yawo ndi kuchuluka kwa magalimoto odutsa pa ola. A zanyumba zakale amayang'ana makoma ndi madenga. A zaumoyo amawerenga odwala ndi mapilitsi. Aliyense akhoza kulemba lipoti labwino kumapeto kwa chaka, pamene mayi uja wa kuthamanga kwa magazi akadali pageti la chipatala kusowa kolowera. Maiko a m'bungwe la WHO analonjeza mu 2018 kuti pofika 2030 adzachepetsa ndi 15 pa 100 chiwerengero cha anthu osagwiritsa ntchito matupi awo mokwanira. Lonjezo limenelo silingakwaniritsidwe ndi zikwangwani zolimbikitsa anthu kuyenda. Lili m'manja mwa amene amasaina mapulani a misewu, ndipo amenewo ndinu.

Choncho ndikupempha izi:

1. Imitsani kaye ntchito iliyonse yokulitsa msewu, kudula mitengo kapena kugwetsa nyumba m'dera lakale mpaka okhalamo atamvedwa pamsonkhano wolengezedwa bwino, pa nthawi imene anthu ogwira ntchito angathe kufika. Wa zaumoyo akhalepo ndipo maganizo ake alembedwe.

2. Sankhani njira imodzi yozungulira, ya makilomita awiri kapena atatu, yodutsa malo a mbiri a m'deralo, ndipo muikonze yonse kuyambira poyambira mpaka pothera: pansi posalala, ngalande zovundikira, m'mphepete motsetsereka pamphambano kuti njinga ya olumala ndi ya mwana zidutse. Njira yabwino mamita 500 kenako dzenje ndi chimodzimodzi yosakonza, chifukwa wofooka amabwerera padzenjepo. Muyambe ndi imodzi, muimalize, ena aone.

3. Tsitsani liwiro kufika makilomita 30 pa ola m'dera lonse lakale, ndipo muumbe msewu kuti liwirolo litsatidwe: mahampu, powolokera pokwera, mphambano zopanikiza. Magalimoto ongodutsa ndi malole azizungulira kunja. Obweretsa katundu apatsidwe maola awo, ndipo ambulansi, ozimitsa moto ndi olumala asatsekeredwe.

4. Chotsani magalimoto panjira za oyenda pansi, ndipo lamulo ligwire aliyense mofanana, kuphatikizapo magalimoto a khonsolo ndi a boma.

5. Lembani m'kaundula mitengo yonse ikuluikulu ya m'deralo, ndipo pasadulidwe ngakhale umodzi popanda chifukwa cholengezedwa poyera. Bwezerani mabenchi okhala ndi potsamira ndi pogwira podzuka, motalikirana mamita 100 kapena 200. Tsegulani zimbudzi, muike pomwera madzi, mukonze magetsi, ndipo mulembe pamtengo uliwonse wa magetsi nambala yoimbira akazima.

6. Yesani kwa miyezi 6 kutseka misewu ingapo m'mawa wa tsiku limodzi pa sabata, azaumoyo akhalepo ndi makina oyezera kuthamanga kwa magazi. Muwerenge anthu obwera, mufunse amalonda mmene malonda ayendera, ndipo zotsatira muzitulutse kaya zakukomerani kaya ayi.

7. Ikani zikwangwani zosonyeza mphindi zoyenda pakati pa malo odziwika, pamodzi ndi mbiri yachidule ya nyumba ndi misewu, m'zilankhulo zimene anthu a mumzindamo amayankhula. Mapu a njirayi aperekedwe kuzipatala, kuti dokotala akamati "muziyenda" azitha kuloza poyendapo.

8. Eni nyumba zakale amene akuzisiya dala kuti zigwe alandire chenjezo ndi chilango, ndipo amene akufuna kukonza koma alibe mphamvu athandizidwe, mwina pochepetsa msonkho wa nyumba. Okhalamo ndi ogulitsa malonda ang'onoang'ono asachotsedwe m'dzina la kukongoletsa.

9. Mu bajeti ya misewu muonetse padera ndalama zopita kwa oyenda pansi, ndipo chaka chilichonse mutiuze oyenda pansi angati avulala kapena kufa, ndi pamalo ati.

Pempho lomaliza silifuna bajeti. Musanavomereze pulani ina iliyonse yokhudza dera lakale, siyani galimoto ku ofesi, muyende njirayo nokha kwa mphindi 30, limodzi ndi munthu wa ndodo, wa njinga ya olumala ndi mayi wobereka mwana, nthawi ya masana ndiponso kutada. Pambuyo pake mutiyankhe poyera, mfundo ndi mfundo, kuti ziti mwavomera, ziti mwakana ndi chifukwa chake, ndiponso ntchito iyamba mwezi uti. Inu amene mwawerenga kalatayi muli ndi dera lotere mumzinda mwanu, itumizeni kwa khansala wanu, muwonjezerepo maina a misewu imene mukuidziwa ndi zithunzi za maenje ake.

Ine wanu mwaulemu,
Nzika yoyenda pansi